Logo ya pulogalamu ya spatial statistics: mapu, madontho, Voronoi kapena chilembo chokha?

Musanatsegule pulogalamu iliyonse yojambulira logo, yambani mwadziwa mtundu wa deta imene phukusi lanu (package ya R kapena Python yochitira spatial statistics, kutanthauza kusanthula ziwerengero za malo) limagwira nayo ntchito. Akatswiri ambiri, potsatira kagawidwe kamene Noel Cressie anakatchukitsa, amaika deta ya malo m'magulu atatu. Pali deta ya madontho, pamene malo enieniwo ndi amene akufufuzidwa: pamene pamera mitengo m'nkhalango, pamene pachitika zivomezi, pamene pakhala odwala. Pali deta ya chinthu chopezeka paliponse koma choyezedwa pa malo ochepa, monga mvula kapena mchere wa m'nthaka, ndipo ntchito yake ndi kulosera kuchuluka kwake pakati pa malo oyezedwawo. Imeneyi ndiyo geostatistics. Ndiye pali deta ya zigawo zokhala ndi malire, chigawo chilichonse ndi nambala yake. Phukusi la spatstat ndi la gulu loyamba, gstat la gulu lachiwiri, spdep ndi mbali yaikulu ya PySAL za gulu lachitatu. Anthu amene adzagwiritse ntchito phukusi lanu amasiyanitsa magulu amenewa pongoyang'ana, choncho logo yoonetsa maboma opakidwa mitundu pa phukusi la kriging, njira ya gulu lachiwiri, yawanamiza kale asanawerenge ndi mzere umodzi womwe.

Chachiwiri ndi kukula. Logo imodzi yomweyo idzaoneka pa tabu ya webusaiti (kachithunzi kotchedwa favicon) ili ndi mapikiselo 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, pa README (tsamba lofotokoza phukusi) ili ndi mapikiselo 139 m'litali ngati mwagwiritsa ntchito usethis::use_logo(), komanso pa sitika. M'gulu la ogwiritsa ntchito R, sitika imakhala hexagon yoloza nsonga m'mwamba, masentimita 5.08 m'litali ndi 4.39 m'lifupi, n'cholinga choti masitika a maphukusi osiyanasiyana azilumikizana bwino pa chivundikiro cha laputopu. Njira iliyonse m'munsimu tikuiweruza ndi miyeso iwiriyi: kodi ikunena zoona za phukusilo, nanga ikachepetsedwa ikutsalabe chinthu chozindikirika?

Dziko lonse, mapu a dziko limodzi, kapena kapini

Njira iyi ndi imene imabwera msanga m'mutu, ndipo ndi imene sitilangiza. Kapini kofiira kamauza munthu kuti pulogalamuyi ndi yolondolera njira kapena yopezera malo, ndipo chithunzi cha dziko chimamuuza kuti ndi GIS, pulogalamu yopangira ndi kusanthula mapu. Palibe chimene chikutchula za kuwerengera. Komanso njira zambiri za spatial statistics sizisamala kuti malowo ndi a padziko: ma cell ooneka pa maikulosikopu ndi milalang'amba ya kumwamba zimasanthulidwa ndi masamu omwewo. Mukajambula dziko mwatsekera kunja ofufuza amenewo.

Mapu amabweranso ndi milandu yawo. Muyenera kusankha projection, njira yoyalira dziko lozungulira pa pepala, ndipo mukatenga Mercator, Greenland amaoneka wolingana ndi Africa pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14. Owerenga anu ndi anthu amene amaphunzitsa ena za cholakwika chimenechi. Malire a mayiko ena ndi okanganirana. Mzere wa gombe umasanduka phala pa mapikiselo 32. Mukatenga deta ya OpenStreetMap, laisensi yake ya ODbL imafuna kuti mutchule kumene mwaitenga, ndipo pa sitika palibe malo a mawu amenewo. Ngati phukusi lanu ndi la deta ya dziko limodzi ndipo mapu sangapeweke, tengani a Natural Earth a sikelo ya 1:110m, amene alibe mwini, muwasalaze mpaka atsale ndi makona ochepa, ndipo musajambule malire a m'kati.

Madontho

Pa phukusi la gulu loyamba, madontho ndiwo oyenera, koma ali ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti madontho omwazika mwachisawawa enieni saoneka bwino. Mukapanga ndi rpoispp() mupeza ena ataphatikana, ena atasanjikizana, kwina kuli dazi lalikulu, chifukwa ndi mmene Poisson process ilili. Pa logo zimenezi zimaoneka ngati dzanja linaterereka. Chothandiza ndi rSSI(), imene imaika madontho limodzi ndi limodzi ndi kukana lililonse logwera pafupi ndi linzake kuposa mtunda r umene mwaupereka. Madontho 12 mpaka 25 amakwana. Kupitirira pamenepo ndi fumbi. Koma samalani, madontho okanana chonchi akunena nkhani ya kutalikirana. Ngati phukusi lanu ndi lofufuza magulumagulu, monga a matenda, gwiritsani ntchito rThomas() kapena rMatClust(), muyese ma seed angapo (manambala oyambira popanga madontho mwachisawawa) mpaka mutapeza magulu atatu ooneka bwino, kenako musunthe ndi dzanja madontho amene asanjikizana.

Msampha wachiwiri ndi wakuti madontho okha amafanana ndi scatterplot wamba, ndiye logo yanu ikhoza kukhala ya phukusi lililonse la ziwerengero. Mankhwala ake ndi aang'ono: jambulani bwalo limodzi mozungulira dontho limodzi, ndipo madontho ogwera m'kati mwa bwalolo muwapatse mtundu wina. Wodziwa aona nthawi yomweyo K function imene Brian Ripley anaifotokoza m'zaka za m'ma 1970, yowerenga anansi a dontho m'kati mwa mtunda r. Wosadziwa aonabe chithunzi chokhala ndi pakati pomwe diso lingapumire.

Werengerani kukula kwa dontho. Kuti likhale pikiselo imodzi yokha pa favicon, liyenera kukhala gawo limodzi mwa magawo 16 a m'lifupi mwa logo, kutanthauza mamilimita pafupifupi 2.7 pa sitika. Pikiselo imodzi siioneka ngati dontho, choncho favicon ifunika kujambulidwa payokha: bwalo ndi madontho atatu kapena anayi akuluakulu basi.

Voronoi, Delaunay ndi mabokosi a anansi

Apa ndi pamene timaona kuti pali phindu lalikulu. Mu chithunzi cha Voronoi dontho lililonse limapatsidwa chigawo cha malo onse amene ali pafupi nalo kuposa dontho lina lililonse. Mu spatstat chimatchedwa dirichlet(), ndipo a zanyengo amachidziwa ndi dzina la Thiessen, amene anachigwiritsa ntchito mu 1911 powerengera mvula. Ubwino wake pa logo ndi wakuti chimadzaza hexagon yonse popanda malo ongokhala, chimapangidwa ndi mitundu yosasakanizika, fayilo yake ya SVG (chithunzi cha mizere chimene sichiwonongeka pochikulitsa) imakhala yaing'ono, ndipo chimagwirizana ndi magulu onse atatu a deta popeza muli madontho, muli zigawo, muli ndi ganizo la kulosera kuchokera kwa mnansi wapafupi.

Kapangidwe kake ndi aka. Pangani window (malire a malo oikamo madontho) ya hexagon ndi owin(), makona ake ali pa madigiri 30, 90, 150, 210, 270 ndi 330. Muwalembe mozungulira motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi, apo ayi owin() ikana. Ikanimo madontho 9 mpaka 15 ndi rSSI(), itanani dirichlet(), tulutsani ndi svglite. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi tizigawo topyapyala m'mphepete ndi timizere tafupi kwambiri pamene zigawo zinayi zatsala pang'ono kukumana pamalo amodzi. Pa sitika timizere timeneti timaoneka ngati banga la inki. Kuti muchotse zimenezi gwiritsani ntchito njira ya Lloyd: sunthani dontho lililonse lipite pakatikati pa chigawo chake, kenako mupangenso zigawozo. Chitani kamodzi kapena kawiri. Mukabwereza kambiri zigawo zonse zimalingana n'kukhala ngati chisa cha njuchi, ndipo logo yanu iyamba kunena za hexbin kapena H3, zida zogawa malo m'ma hexagon, m'malo mwa phukusi lanu.

Kapakidwe ka mitundu ndi kamene kamasiyanitsa logo yopangidwa ndi wodziwa ndi yongokongoletsa. Mukapaka zigawo mwachisawawa, mwajambula deta yopanda mgwirizano uliwonse wa malo, chinthu chimene phukusi lanu lilibe nacho ntchito. Mukapaka kuti zoyandikana zifanane, mtundu wakuda kukona imodzi n'kumawala pang'onopang'ono polowera kwina, mwajambula lamulo limene Waldo Tobler analilemba mu 1970, lakuti zinthu zoyandikana zimagwirizana kuposa zotalikirana, ndiponso chimene muyeso wotchedwa Moran's I umayeza. Mitundu inayi kapena isanu ya banja limodzi ndi yokwanira. Siyani chigawo chimodzi chikhale ndi mtundu wosiyana kotheratu ngati phukusi lanu limafufuza malo achilendo pakati pa anzake. Mizere yolekanitsa zigawo ikhale yoyera kapena ya mtundu wa m'mphepete, yosachepera 1 pt pa sitika, amene ndi mamilimita 0.35, chifukwa mzere woyera wopyapyala pakati pa mitundu yakuda umatsekeka inki ikafalikira.

Delaunay, imene imalumikiza madontho oyandikana n'kupanga matrayango, ndi yofooka poyerekeza. Imafanana ndi chithunzi cha network, ndipo makampani ambirimbiri a zamakono anaigwiritsa kale ntchito ngati chokongoletsera. Imakhala ndi tanthauzo lenileni pa phukusi logwiritsa ntchito mesh, ukonde wa matrayango wophimba malo onse, monga m'njira ya SPDE ya INLA. Kumeneko jambulani matrayango aang'ono pakati ndi akuluakulu kunja, monga mesh yeniyeni imakhalira.

Pa deta ya zigawo pali njira ina yosavuta imene ambiri amaidumpha: mabokosi 9, atatu m'litali atatu m'lifupi. Lapakati lipakidwe mtundu umodzi, anansi ake mtundu wina. Mukapaka anayi ogawana nalo mbali, ndiye rook contiguity. Mukapaka onse 8, ndiye queen. Pa favicon zimakwana ndendende: mabokosi atatu a mapikiselo 4 ndi mipata inayi ya pikiselo imodzi, zonse 16. Palibe njira ina pano imene imachepetsedwa bwino chonchi. Kuipa kwake n'kwakuti imafanana ndi batani la menyu la mapulogalamu ambiri, choncho mitundu ndi dzina ziyenera kuisiyanitsa.

Mapu osalala a kriging kapena kernel density

Pa sikirini yaikulu, palibe chokongola kuposa ichi, ndipo pa phukusi la geostatistics chimanena zoona. Njira ya kriging inatchedwa dzina la Danie Krige, amene ankalosera kuchuluka kwa golide m'migodi ya ku South Africa, ndipo Georges Matheron ndi amene anaikhazika pa masamu m'zaka za m'ma 1960. Vuto ndi lakuti mitundu yosungunukirana siyenda bwino kunja kwa sikirini. Grid ya 200 ndi 200 ikalowa mu SVG ngati timabokosi imakhala zidutswa 40,000, fayilo imalemera, ndipo mabrawuza ena amaonetsa timizere toyera pakati pa timabokosito. Ikalowa ngati chithunzi cha raster (cha mapikiselo), mwataya ubwino wonse wa SVG. Posindikiza mu CMYK (inki zinayi za makina osindikizira), mitundu yowala ya pa sikirini (RGB) monga wobiriwira ndi wofiirira imazilala. Pa malaya, kaya ndi ulusi kaya ndi inki ya mtundu umodzi, zimavuta kwambiri.

Ngati mwaikonda, iduleni ikhale magawo anayi kapena asanu ndi geom_contour_filled() kapena phukusi la isoband, musalaze mizere yake, ndipo muike pamwamba madontho 5 mpaka 7 oimira malo oyezedwa. Madonthowo ndi ofunika, chifukwa popanda iwo chithunzicho ndi mapu a zanyengo kapena a mapiri. Pewani mitundu ya utawaleza. Imapanga malire abodza pamene deta ilibe malire, ndipo anthu a ntchito imeneyi akhala akuidandaula kwa zaka zambiri. Tengani ya viridis kapena ya ColorBrewer.

Variogram

Variogram imaonetsa mmene kusiyana kwa miyezo kumakulira malo akamatalikirana. Mzere wake wokwera kuchokera pa nugget (poyambira) n'kukagona pa sill (pamene umasiya kukwera) umakondweretsa amene amaudziwa, koma kwa ena onse ndi galafu ya malonda amene akukwera. Ndi wopyapyala, umatsamira mbali imodzi ya hexagon, ndipo manambala a m'mbali mwake sawerengeka. Umagwira ntchito ngati chinthu chachiwiri, mwachitsanzo mzere wonenepa pansi pa dzina, woyambira pamwamba pang'ono pa ziro kuti nugget ioneke.

Dzina lokha, kapena nyama

Dzina lalifupi ngati sf likhoza kukhala logo palokha, ndipo limachepetsedwa popanda vuto. Dzina lalitali limavuta: mukachotsa mamilimita 3 mbali zonse ziwiri za sitika mumatsala ndi masentimita pafupifupi 3.8, ndiye dzina la zilembo 12 lipatsa chilembo chilichonse mamilimita 3 okha. Liikeni pakati, pamene mbali za hexagon zili zoongoka, osati pafupi ndi nsonga. Lembani dzina monga momwe munthu adzalilembere mu library() kapena import, chifukwa R imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo logo yolembedwa ndi zazikulu zokhazokha idzachititsa anthu kulemba molakwika. Sankhani font imene l, I ndi 1 zimasiyana, yokhala ndi laisensi ngati SIL Open Font License, ndipo musanatulutse SVG sandutsani zilembo zikhale mizere ndi Object to Path mu Inkscape. Mukapanda kutero, kompyuta yopanda font imeneyo idzaika ina, dzina n'kusefukira kunja.

Musamangire logo yanu pa ya R kapena ya Python musanawerenge malamulo. Ya R ili pa laisensi ya CC BY-SA 4.0 kapena GPL-2, kutanthauza kuti chochokera kwa iyo chimatenga malamulo omwewo. Ya Python ndi trademark ya Python Software Foundation, ndipo kuisintha kumafuna chilolezo.

Nyama kapena chinthu chochokera ku dzina la phukusi chimakumbukika kuposa njira zonsezi, makamaka pa tebulo lodzaza ndi masitika a madontho ndi mizere. Koma chimafuna wojambula weniweni, ndipo sichinena kanthu za ntchito ya phukusi pokhapokha mutalowetsamo masamuwo, monga mawanga a pathupi pake kukhala zigawo za Voronoi.

Ndani ajambule, ndipo ndi chiyani

Code yokha, kudzera mu hexSticker ya Guangchuang Yu, ndi yachangu: sticker() imalandira chithunzi cha ggplot2, dzina, mtundu wa m'kati ndi wa m'mphepete. Masamu a chithunzi amakhala olondola ndipo aliyense akhoza kuchipanganso. Chotopetsa ndi kukankha zinthu ndi s_x, s_y ndi p_size mobwerezabwereza, ndipo mipata ya pakati pa zilembo simungaikonze bwino.

Njira imene timaiona yabwino kwa ambiri ndi yophatikiza: code ipange madontho, zigawo kapena mizere, kenako Inkscape imalize mitundu, dzina ndi m'mphepete. Sungani malo a madontho mu fayilo ya CSV, musadalire set.seed() yokha. R 3.6.0 inasintha kagwiridwe ka sample() mu 2019, ndipo phukusi lililonse likhoza kusintha mmene limaitanira manambala a mwachisawawa, ndiye seed yomweyo ikhoza kudzapereka chithunzi china. Code ndi CSV ziikidwe mu data-raw, foda imeneyo ilembedwe mu .Rbuildignore kuti isalemetse phukusi.

Wojambula wolipidwa amabweretsa diso la mitundu ndi zilembo limene olemba mapulogalamu ambiri alibe. Mupatseni SVG ya zigawo zenizeni ndi kumuuza chimene sayenera kusuntha. Mu Voronoi yoona, mzere uliwonse uli pa mtunda wofanana kuchokera ku madontho awiri ndipo umapanga madigiri 90 ndi mzere wowalumikiza. Wojambula akasuntha dontho limodzi kuti likongole, lamuloli lasweka ndipo owerenga anu aona. Mgwirizano unene kuti umwini ukubwera kwa inu ndiponso kuti mulandira fayilo yoyambira, osati PNG yokha.

Mapulogalamu a AI opanga zithunzi amathandiza poyesa maganizo, koma amalephera pomwepa pamene pakufunika kulondola: zigawo zosagwirizana ndi madontho ake, mizere ya contour yodutsana, zilembo zopindika. Ambiri amatulutsa raster, ndiye mudzajambulanso ndithu. Ku United States, ofesi yoona za copyright inanena mu 2023 kuti chopangidwa ndi makina okha popanda luso la munthu sichitetezedwa, zimene zingakuvuteni wina akatenga logo yanu. Mpikisano wa ogwiritsa ntchito umabweretsa chidwi, koma voti imakonda chithunzi chodzaza zinthu choonedwa pa sikirini yaikulu. Mukauchita, lamulani kuti aliyense atumize SVG pamodzi ndi chithunzi cha mapikiselo 32, ndipo osamalira phukusi akhale ndi mawu omaliza.

Kuyesa musanalengeze

Chepetsani logo ifike mapikiselo 64, 32 ndi 16, muione pa sikirini wamba popanda kuikulitsa. Ichotseni mitundu ndi desaturate() ya phukusi la colorspace, kenako muione ndi deutan() ndi protan(), popeza mwa amuna ochokera kumpoto kwa Ulaya pafupifupi mmodzi mwa 12 amavutika kusiyanitsa wofiira ndi wobiriwira, ndipo vutoli likupezeka m'mitundu yonse ya anthu. Dzina lisiyane ndi mtundu wa kumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5:1, zojambula pa 3:1, monga WCAG, malangizo othandiza kuti aliyense aziona bwino mawebusaiti, imanenera. Iikeni pa tsamba loyera ndi lakuda, chifukwa GitHub ili ndi maonekedwe onse awiri. Hexagon yakuda yopanda mzere wowala m'mphepete imasowa pa tsamba lakuda, ndipo PNG yokhala ndi makona oyera m'malo mwa oonekera imaoneka ngati bokosi.

Kwa osindikiza, 300 dpi ikutanthauza mapikiselo pafupifupi 520 ndi 600, koma atumizireni PDF kapena SVG, mtundu wa m'mphepete utapitirira mamilimita 3 kunja kwa podulira. Mpeni susowa kuphonya pang'ono, ndipo mzere wopyapyala wa m'mphepete umaonetsa kuphonyako, mbali ina yonenepa ina yowonda. Mu phukusi la R, use_logo() imaika fayilo ya mapikiselo 240 ndi 278 pa man/figures/logo.png, ndipo pkgdown::build_favicons() imapanga ma favicon kuchokera pamenepo. Ngati munajambula favicon yakeyake, lowetsani yanuyo m'malo mwa imene yapangidwa. Pa PyPI, malo osungira maphukusi a Python, chithunzi cha mu README chimafuna adiresi yonse ya pa intaneti, chifukwa njira yachidule yoloza ku foda siigwira. Chithunzi chimene GitHub imaonetsa wina akagawa linki yanu chikhale mapikiselo 1280 ndi 640, logo ili pakati.

Lembaninso laisensi ya logo payokha. Ikangokhala mu repository ya MIT kapena GPL popanda mawu ena, anthu adzaitenga ngati ili pa laisensi yomweyo, ndipo wopanga fork (kope lake la code yanu) akhoza kufalitsa code yosinthidwa ili ndi chizindikiro chanu. Mizere iwiri mu fayilo ya LICENSE kapena README, yotchula wojambula, zimene zikuloledwa monga masitika ndi masilayidi, ndi zimene zikufuna chilolezo monga kuiika pa phukusi lina, imatseka mpata umenewu.